Kuphatikiza nthambo ziwiri za magetsi: kodi lamulo likuti chiyani?

Nyengo yokolola ikafika, zigayo za ku Chiputo m'boma la Marávia zimalira kuyambira m'mawa mpaka usiku. Nthambo yopita ku mota ikayamba kutentha, ena amangowonjezera ina pambali pake kuti ziwirizo zigawane ntchito, popeza nthambo yokhuthala ndi yodula ndipo imapezeka kutali. Zoterezi zimachitikanso pa mapampu a sola m'madimba.

Malamulo a padziko lonse oyikira magetsi m'nyumba, otchedwa IEC 60364, saletsa kuphatikiza nthambo. Chimene amafuna n'chakuti magetsi agawike mofanana. Choncho nthambozo zikhale za chitsulo chimodzi, zokhuthala mofanana, zotalika mofanana, ndipo pasakhale nthambi yopatukira kwina panjira. Lamulo la ku America, la NEC, limawonjezera kuti nthambo zophatikiza zisachepere pafupifupi 50 mm², kusonyeza kuti njirayi ndi ya makina akuluakulu, osati mawaya a m'nyumba.

Chifukwa chake n'chakuti magetsi amachuluka kumene njira ili yofewa. Mota yokoka ma ampeya 60 ikalumikizidwa ndi nthambo ya mamita 10 ndi ina ya mamita 12, yaifupi imanyamula pafupifupi 33 pomwe yaitali imanyamula 27. Imodzi ikakhala ya kopa ina ya aluminiyamu, zokhuthala ndi kutalika mofanana, ya kopa imatenga pafupifupi 37, inayo 23. Yolemedwayo ndi imene imayamba kupsa chikopa.

Ngozi yaikulu ili pa chodulira magetsi, chimene amisiri amachitcha disjuntor. Chikakhala chimodzi pa nthambo zonse ziwiri, chimangowerenga magetsi onse pamodzi. Nthambo imodzi ikamasuka chifukwa cha kunjenjemera kwa chigayo, inayo imasenza ma ampeya onse 60 yokha, koma chodulira sichizima poti chiwerengero sichinasinthe. Pamalo pali gaga, matumba ndi denga la udzu, moto suchedwa, ndipo chimanga cha mabanja ambiri chikhoza kuthera pomwepo.

Njira yabwino ndi kugula nthambo imodzi yolingana ndi mphamvu yolembedwa pa chitsulo cha mota. Ngati kuphatikiza sikungapeweke, mmisiri wophunzira adule nthambozo pa mpukutu umodzi, aziyendetse limodzi, amange nsonga zonse molimba, kenaka ayeze iliyonse payokha mota ikugwira ntchito. Kumene kuli magetsi a EDM, mwini chigayo ayambe wafunsa ku ofesi yawo asanawonjezere makina.