Matauni a Migodi ku Midlands: Redcliff, Kumene Ng'anjo Inazima

Munthu amene wakwera basi ya pakati pa Harare ndi Bulawayo akhoza kudutsa pafupi ndi Redcliff osadziwa kuti pali tauni. Ukatuluka mu Kwekwe kulowera ku Gweru, usanathe makilomita 20, pali mphambano yokhotera chakumadzulo. Ukatsata msewu umenewo zitunda zofiira zimayamba kuonekera, ndipo m'munsi mwake muli machumuni ataliatali, mapaipi opiringizana ndi zinyumba zikuluzikulu zamalata zimene dzimbiri lazidya. Utsi wa ng'anjo unaleka kutuluka m'menemo mu 2008.

Matauni ena a chigawo cha Midlands anakula chifukwa cha mwala wokumba n'kutumiza kunja: Kwekwe ndi golide wa ku Globe and Phoenix, Shurugwi ndi chrome, Zvishavane ndi asbestos. Redcliff inkakumba mwala, kuusungunula, n'kutulutsa chinthu chimene mmisiri angachigwire m'manja. Kwa zaka pafupifupi 60, omanga milatho, madamu, masukulu ndi nyumba ku Zimbabwe ankadalira chitsulo cha kuno polimbitsa konkire, ndipo waya wa mpanda ndi misomali ya padenga zinkachokera ku chitsulo chomwechi. Mbiri ya tauniyi siisiyana ndi mbiri ya kampani imodzi imene yakhala ikusintha mayina.

Ntchitoyi inayambira ku Bulawayo mu 1938, kumene kampani yaing'ono inkasungunula zitsulo zakutha ndi moto wa magetsi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka, zitsulo zochokera kunja zinasowa, ndipo mu 1942 boma la Southern Rhodesia linatenga ntchitoyi n'kukhazikitsa bungwe la Rhodesian Iron and Steel Commission, mwachidule RISCOM. Malo a kumwera kwa Que Que, monga Kwekwe inkalembedwera masiku amenewo, anasankhidwa pa zifukwa zooneka ndi maso. Miyala ya chitsulo inali m'zitunda momwemo, miyala ya laimu inali pafupi, madzi anali mu mtsinje wa Kwekwe, ndipo njanji yochokera ku Bulawayo, yobweretsa malasha a ku Wankie (lero Hwange), inkadutsa chapompo. Ng'anjo yoyamba inayatsidwa mu 1948.

Ng'anjo si yachilendo kwa ife. Makolo athu ankasungunula chitsulo m'ng'anjo zadothi, ndipo zina zikadalipo m'nkhalango ya Kasungu. Nzeru yake ndi yomweyo, kukula kokha ndiko kukusiyana. Malasha amayamba awotchedwa m'mauvuni osalowa mpweya mpaka asanduke coke, makala olimba oyaka mwaukali. Kenako coke, miyala ya chitsulo ndi laimu zimathiridwa kuchokera pamwamba mosinthanasinthana, mpweya wotentha ukuuziridwa kuchokera pansi. Chitsulo chimasungunuka n'kutsikira pansi, zinyalala zake n'kuyandama pamwamba. Koma ng'anjo yotere ikayatsidwa siyenera kuzima. Imayaka usana ndi usiku kwa zaka. Ikazizira chitsulo chili m'kati, chimaumira momwemo, ndipo kuti iyakenso pamafunika kugumula njerwa za m'kati ndi kuthira ndalama zankhaninkhani. N'chifukwa chake tauni yonse inkayendera moto umenewu. Abambo ankalowa ntchito mosinthana, ena m'mawa, ena masana, ena usiku. Amayi ankateleka mphika motsata nthawi zimenezo. Sitima za malasha zinkayenera kufika mosadukiza kuchokera mtunda wa makilomita opitirira 500.

Monga m'migodi yonse ya Rhodesia, ntchito yolemetsa, yokumba, yonyamula ndi ya pamoto, inagwa kwambiri pa anthu ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Agogo athu amene ankasaka ndalama ya msonkho kapena kuthawa thangata, ena wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi, anafika mpaka kuno. Kampani inawamangira komboni ya Torwood, pamene azungu inawamangira nyumba za mabwalo aakulu, kalabu ndi bwalo la gofu. Rutendo inabwera pambuyo pake. M'makomboni otere munkamveka Chinyanja, Chiyao, Chitumbuka ndi Chisena pambali pa Chishona ndi Chindebele. Gule Wamkulu ankatuluka pa maliro ndi pa masiku opuma, Ayao ankasonkhana pa mzikiti, a CCAP ankapemphera m'chinenero cha kwawo, ndipo anthu a kumudzi kumodzi ankasonkherana ndalama kuti mnzawo akamwalira aikidwe mwaulemu. Ena ankabwerera kumudzi ndi njinga, makina osokera ndi sutikesi. Ambiri anakwatira komweko n'kukhala machona.

Mu 1957, nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, boma linagulitsa masheya ambiri kwa makampani apadera, ena mwa iwo Lancashire Steel ndi Stewarts and Lloyds a ku Britain, ndipo dzina linakhala Rhodesian Iron and Steel Company, RISCO. Ian Smith atalengeza ulamuliro wa azungu okhaokha mu 1965, bungwe la United Nations linaletsa mayiko kuchita malonda ndi Rhodesia. RISCO inakula kwambiri m'zaka zomwezo, pakuti dziko lotsekeredwa linkayenera kudzipangira lokha zimene kale linkagula, ndipo chitsulo china chinkatuluka mozemba. Mu 1974 zikalata zimene Kenneth McIntosh, wogwira ntchito kubanki ku Salisbury (lero Harare), anazembetsera kunja zinaulula kuti makampani ndi mabanki a ku Ulaya, kuphatikizapo Voest ya ku Austria, ankathandiza mwamseri kukulitsa fakitaleyi. McIntosh anaponyedwa m'ndende.

Ufulu utabwera mu 1980, dzina linasinthanso kukhala Zimbabwe Iron and Steel Company, ZISCO, ndipo boma linadzakhala ndi masheya pafupifupi 90 pa 100 alionse. Fakitaleyi inali ndi mphamvu yotulutsa matani pafupifupi 1 miliyoni pachaka, inali ndi antchito opitirira 5,000, ndipo inkawerengedwa m'gulu la mafakitale aakulu kwambiri a chitsulo mu Africa kumpoto kwa mtsinje wa Limpopo. Makampani ambiri ankadyera pa iyo. Mgodi wa Buchwa ku Mberengwa unkakumba miyala yake. Lancashire Steel ku Kwekwe inkakoka waya. ZimChem inkayenga phula lotuluka m'mauvuni a coke. Mgodi wa malasha wa Hwange ndi kampani ya njanji ya dzikolo zinkaiwerengera m'gulu la makasitomala awo aakulu.

Achikulire a ku Redcliff akamakumbuka nyengo imeneyo satchula matani. Amakumbuka chipatala cha Torwood, nyumba ya kampani, madzi osavuta, timu ya mpira ya Ziscosteel pabwalo la Torwood, ndipo koposa zonse sukulu ya amisiri. Mwana wa munthu amene anafika wapansi kuchokera ku Dedza kapena ku Mangochi, wosadziwa kulemba dzina lake, ankatha kuphunzira kuwotcherera zitsulo, kukonza makina kapena ntchito ya magetsi, n'kutuluka ndi pepala lolemekezeka kulikonse. Amisiri ambiri ophunzira ku ZISCO lero amwazikana m'migodi ndi m'mafakitale a South Africa, Botswana ndi kutali kwina. Kwa ine chimenechi ndicho chuma chachikulu chimene kampaniyi inatulutsa, ndipo ndicho chinatayika mosavuta kuposa makina.

Kugwa kwake sikunachitike tsiku limodzi. Makina anali kukalamba, ndalama zakunja zogulira zipangizo zinkasowa, ndipo kampani inkadalira thandizo la boma chaka ndi chaka. Miyala ya ku Buchwa itayamba kutha, anatembenukira ku Ripple Creek pafupi ndi tauni, ndipo zimenezi zinafuna makina atsopano ogulidwa pa ngongole, ina kuchokera ku banki ya KfW ya ku Germany, ina ku China. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Shougang ya ku China inakonzanso ng'anjo ya nambala 4, koma malasha ankafika mwa apo ndi apo chifukwa njanji nayo inali kudwala. Panalinso dzanja lalitali. Mu 2006 kunamveka za lipoti la bungwe la boma lofufuza za chuma, NECI, limene linkanena za akuluakulu odyera m'thumba la kampaniyi, koma boma silinalitulutse poyera. Pofika 2008, pamene ndalama ya Zimbabwe inkatha mphamvu pakati pa m'mawa ndi madzulo, panalibenso chogulira malasha, ndipo moto unazima.

Kuchokera pamenepo anthu a ku Redcliff akhala akumva malonjezo. Global Steel Holdings ya ku India inali itabwera kale mu 2006 n'kuchoka pasanathe chaka. Mu 2011 kunabwera Essar, ya ku India yomweyo, ndi mgwirizano wa madola 750 miliyoni a ku America. Pulezidenti Robert Mugabe anafika yekha ku Redcliff kudzakhazikitsa dzina latsopano la NewZim Steel, ndipo anthu anavina. Koma nduna za boma la mgwirizano la nthawiyo zinakokana pa nkhani ya amene adzakhale mwini wa miyala ya chitsulo ya kumapiri a Mwanesi, pafupi ndi Chivhu, ndipo pofika 2015 Essar inali itasiya. Mu 2016 antchito amene anatsala, omwe kwa zaka ankapita kuntchito osalandira malipiro okwanira, anachotsedwa. Mu 2017 kunalengezedwa mgwirizano wa madola 1 biliyoni ndi kampani ya R&F ya ku China, mu 2018 boma linasenza ngongole za ZISCO zokwana pafupifupi madola 500 miliyoni kuti wogula asachite mantha, koma mgwirizano umenewunso sunapite patali. Mu 2022 ntchito yodzutsa kampaniyi inaperekedwa kwa Kuvimba Mining House.

Tauni ya anthu opitirira 35,000, malinga ndi kalembera wa 2012, inatsala ndi khonsolo imene wokhoma msonkho wake wamkulu wagwa. Redcliff ilibe malo akeake oyeretsera madzi. Imagula kwa khonsolo ya Kwekwe, imene imatunga ku damu la Sebakwe, ndipo ngongole ikakula mipope imauma. Amayi a ku Torwood ndi ku Rutendo amalawirira ku mijigo ndi zigubu. Nyumba zakale za m'komboni, zimene zinamangidwira munthu mmodzi kapena banja laling'ono, lero zimasunga mibadwo itatu, ndipo m'madera ena mabanja angapo amagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi. Penshoni zimene anthu anasonkha kwa zaka makumi zinasungunuka pamene ndalama ya dzikolo inasinthidwa mu 2009, n'kusungunukanso mu 2019.

Pamenepa m'pamene nkhaniyi ikutikhudza ife Amalawi, ndipo siyenera kudutsidwa mothamanga. Wantchito wa Chishona kapena wa Chindebele ntchito itatha anali ndi kumudzi, ku Zhombe, ku Gokwe kapena ku Mberengwa, kumene akanalimako chimanga n'kusunga mbuzi. Mdzukulu wa mchona analibe kumudzi koteroko. Mudzi wake unali komboni. Mfumu yake inali kampani. Ku Malawi amadziwako dzina la boma, mwina dzina la mudzi ndi mfunda wa agogo, koma munda wa agogowo unagawidwa kalekale, ndipo amene akanamulandira anamwalira. Mu 2001 lamulo la unzika la Zimbabwe linasinthidwa, ndipo anthu ambiri obadwira m'dzikomo mwa makolo ochokera kunja anapezeka kuti ziphaso zawo zikuwatchula kuti alendo, osaloledwa kuvota. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, koma kuti munthu asinthe chiphaso amafunika zikalata za kubadwa, zimene mabanja ambiri a m'migodi sanakhalepo nazo. Anthu amene manja awo anasula chitsulo chomangira dziko lija anatsala opanda ntchito, opanda munda, ena opanda ngakhale pepala lonena kuti ndi a kuti. Boma la Zimbabwe lili nawo mangawa anthu amenewa. Ifenso kwathu kuno, amene tinadya ndalama zimene ankatumiza, sitinachite zokwanira kuti tidziwe kumene ali ndi mmene akukhalira.

Tauniyi sinafe. Kampani ya Steelmakers imasungunula zitsulo zakutha n'kupanga zomangira. Milu ikuluikulu ya zinyalala za m'ng'anjo, imene inaunjikana kwa zaka makumi, yapezeka kuti ndi yothandiza popanga simenti, ndipo kampani ya ku China ya Livetouch inamanga fakitale ya simenti komweko, ngakhale anthu oyandikana nayo amadandaula ndi fumbi. Achinyamata ambiri amapita kukakumba golide m'maenje a kuzungulira Kwekwe, ntchito imene imadyetsa koma imaphanso. Ena amagulitsa tomato ndi kaunjika, ena amadikira ndalama zochokera kwa abale a ku Johannesburg.

Chitsulo chayambanso kusungunuka ku Zimbabwe, koma osati ku Redcliff. Ku Manhize, pakati pa Mvuma ndi Chivhu, kampani ya Dinson Iron and Steel, nthambi ya Tsingshan ya ku China, inayatsa ng'anjo yake mu 2024, ndipo miyala imene ikudya ndi ya m'mapiri omwe aja boma linakanganirana ndi Essar. Amisiri a ZISCO amene akadali ndi mphamvu akuyang'ana kumeneko. Achikulire a ku Torwood sangasamukenso, ndipo zimene akufuna n'zosavuta kuzitchula: ndalama zawo za penshoni, madzi m'mipope, ndi ziphaso za adzukulu awo.