Chifukwa chimene pikapu yanga ya dizilo inkakanira kulira mu Juni

Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, mu Juni chaka chatha, ndinamva kugogoda pawindo. Anali bambo oyandikana nawo nyumba. "Aphunzitsi, pepani takudzutsani. Mayi akunyumba matenda ayamba, tithandizeni galimoto." Kunja kunali chiperoni chenicheni: chifunga, kamvula kamawawa, kamphepo kolowa mpaka m'mafupa. Ndinavala jekete n'kukalowa m'pikapu yanga ya dizilo, ija ena mwa inu munaipatsa dzina loti "Agogo". Nditapotoza kiyi, injini inazungulira mwaulesi, n'kutulutsa utsi woyera, koma osalira. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu magetsi a padashibodi anayamba kuzilala.

Chinatipulumutsa ndi mtsetse wa kuseri kwa nyumba. Anyamata anayi anakankha, ine ndili pa giya yachiwiri, ndipo nditasiya kilatchi inatsokomola kawiri n'kulira. Tinakafika kuchipatala cha pa Boma nthawi ikadalipo, ndipo mwana anabadwa bwinobwino. Koma pobwerera funso linkandivuta. Galimoto yomweyi mu Okutobala imalira kamodzin'kamodzi. Nanga n'chifukwa chiyani sitata inalephera pomwe kukankha kunatheka?

Tiyambe ndi pampu ya njinga. Tsekani pakamwa pake ndi chala, mupope mwamphamvu ndi mofulumira kangapo, kenako mugwire kumunsi kwake. Mupeza kuti kwatentha. Mukapanikiza mpweya mumagwira ntchito pa mpweyawo, ndipo mphamvu imeneyo imasanduka kutentha. Tsopano dikirani izizire, mupopenso pang'onopang'ono ngati munthu wotopa. Situndira kwenikweni, chifukwa kutenthako kumapeza nthawi yothawira m'chitsulo. Musaiwale kuyesa kwachiwiriku, nkhani yonse yagona pamenepa.

Injini ya petulo ili ndi mapulagi otulutsa moto woyatsira mafuta. Ya dizilo ilibe. Pisitoni imapanikiza mpweya wokhawokha mpaka utatentha kwambiri, kenako mafuta amapoperedwamo ngati nkhungu, n'kuyaka okha. Nzeruyi ndi ya Rudolf Diesel, Mjeremani amene injini yake inayamba kugwira ntchito bwino mu 1897 mumzinda wa Augsburg. Injini zakale ngati yangayi zimafinya mpweya kuuchepetsa pafupifupi ka 22, pomwe za petulo zambiri zimathera cha pa 10.

A Fomu 3 ndi 4, tengani ma calculator. Ngati kutentha sikukuthawa konse, T2 = T1 × r^0.4, pomwe r ndi 22 uja, ndipo T timayeza mu kelvin. 22^0.4 ndi 3.44. M'mawa wa mu Okutobala, tinene 25°C, ndiye 298 K. Kuchulukitsa tipeza 1025 K, pafupifupi 750°C. M'mawa wa chiperoni, tinene 10°C, ndiye 283 K. Tipeza 974 K, pafupifupi 700°C. Dizilo amatha kuyaka yekha kutentha kukangopitirira pang'ono 200°C. Ndiye papepala, Agogo amayenera kulira tsiku lililonse, ngakhale mu Juni. Masamuwa ndinawachita usiku womwewo, ndipo anandiuza chinthu chimodzi chothandiza: mpweya wozizira pawokha si wolakwa.

Cholakwika chili m'mawu aja ndinayamba nawo, oti "ngati kutentha sikukuthawa konse". Injini imene yagona panja usiku wonse ndi chimtolo cha chitsulo chozizira, ndipo chitsulo chimayamwa kutentha msanga. Sitata ikamazungulitsa mwaulesi, ndi pampu ija yopopa pang'onopang'ono. Onjezerani maringi a pisitoni amene anaperepeseka ndi ukalamba, mpweya wina ukupulumukira m'mbali. Tingoyerekeza kuti r watsika kufika pa 17, ndipo chifukwa cha kutentha kothawa 0.4 uja wasanduka 0.2. Tipeza 283 × 1.76, yomwe ndi 498 K, kapena 225°C. Mwaona? Kuchoka pa 700 tagwera m'malire enieni. Mafuta akulowa, koma sakuyaka mokwanira, ndipo amatuluka kumbuyo ngati utsi woyera wonunkha dizilo, woyabwa m'maso. Anyamata aja atakankha pamtsetse, matayala anazungulitsa injini mofulumira kuposa sitata yofooka, kutentha sikunapeze mpata wothawa.

Malo athu nawo amathandizira pang'ono. Kuno tili pamtunda wa mamita oposa 1,000, mpweya ndi wopepukirapo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi kunyanja yamchere. Ndipo chiperoni, chimene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, chimabwera ndi chinyontho chochokera ku Indian Ocean n'kubisa dzuwa masiku angapo, choncho chitsulo sichipeza mpata wofunda.

Makaniko woyamba amene ndinamupeza ku Limbe anangomvetsera, n'kupukusa mutu. "Bwana, injini iyi yatha, ikufunika kuphwasula." Mtengo umene anatchula unali malipiro anga a miyezi ingapo. Wachiwiri, bambo wachikulire, anati, "Achimwene, tisanaphwasule tiyeze kaye." Ameneyu ndinamukonda pomwepo, chifukwa n'zimene ndimakuuzani mu labu. Ndinatulutsa multimeter yanga, tinayamba ndi batire.

Batire yodzaza bwino imaonetsa 12.6 V. Yanga inaonetsa 12.4 V, osati zoipa. Koma poliza inkagwa kufika pansi pa 9 V. Mukukumbukira V = E − Ir? Sitata ya dizilo imakoka ma ampere mazana angapo. Tinene 300 A. Ngati resistance ya mkati mwa batire ndi 0.01 Ω chabe, mwataya kale 3 V. Kukazizira, asidi ndi mtovu wa m'batire zimagwira ntchito mochedwa, ndipo r amakwera. Nthawi yomweyo oyilo amakhala walimba ngati uchi wa m'botolo m'mawa, injini ikulemera kuzungulitsa. Batire ikufooka panthawi imene ikufunidwa kwambiri.

Chinandichititsa manyazi ndi materminal. Anali atachita ufa woyera mobiriwira, ndipo ndinkauona tsiku ndi tsiku osaulabadira. Ufa umenewo ukangowonjezera 0.005 Ω, pa 300 A mwataya 1.5 V, ndipo P = I²R ikupereka 450 W zongotenthetsa terminal m'malo mozungulitsa injini. Mkulu uja anandigwiritsa pamenepo titangoliza: panali potentha. Sandpaper, madzi a soda, ndi sipanala ya 10, basi.

Kenako ma heater plug. Awa ndi timisomali tinayi, kamodzi pa silinda iliyonse, timene timafiira ngati waya wa pa hotplate, kufika cha m'ma 800°C kapena kuposa m'masekondi ochepa. Ntchito yake ndi kuika malo amodzi otentha pomwe nkhungu ya dizilo ingayakire ngakhale chitsulo chili chozizira. Kagetsi kokhala ngati waya wopotana ka padashibodi kamakuuzani kuti dikirani kaye. Ndivomere, usiku uja chifukwa cha mantha sindinadikire n'komwe.

Tinachotsa kachitsulo kolumikiza mapulagi onse anayi, n'kuyeza imodziimodzi. Yabwino imaonetsa pafupifupi 1 Ω. Musaiwale kugundanitsa kaye nsonga ziwiri za multimeter kuti mudziwe resistance ya mawaya ake, n'kuichotsera. Pa manambala aang'ono chonchi zimenezo zimasintha yankho. Awiri anaonetsa bwino. Awiri enawo sanaonetse kanthu, waya wa mkati unaduka kalekale. Ndiye n'chifukwa chiyani sindinadziwe? Chifukwa mapulagiwa amalumikizidwa mu parallel, ngati mababu a m'nyumba. Limodzi likapsa enawo amayakabe, ndipo kagetsi ka padashibodi yanga kankayaka monga mwa masiku onse. Nyengo yotentha masilinda ankayaka popanda thandizo, vuto n'kubisala mpaka Juni.

Chomaliza chinali madzi. Thanki ikakhala ndi mafuta ochepa, malo otsalawo mumakhala mpweya wachinyontho, ndipo usiku kukazizira mumachita mame, ngati kunsi kwa malata m'mawa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ya dizilo pafupifupi magalamu 840, choncho madzi amakhala pansi pomwe paipi imakokera. Dizilo wa m'zigubu amene timagula mafuta akasowa nayenso sumudziwa kumene wadutsa. Pansi pa fyuluta pali kotsegula. Tinakhetsera m'botolo loonekera, ndipo mzere wolekanitsa madzi ndi mafuta unkaoneka bwinobwino. Botololo lili mu labu, a Fomu 1 analiona tikuphunzira density.

Mwina munamvapo kuti dizilo "amaundana". Ku Canada ndi kumpoto kwa Ulaya zimachitikadi: kuzizira kukafika pansi pa 0°C, phula la m'mafutamo limayamba kulimba n'kutseka fyuluta. Kuno kwathu sikuzizira choncho, ndiye wina asakugulitseni mankhwala a vuto la eni ake. Ndipo zija ena amachita, zoika mbaula kunsi kwa injini kapena kuyatsa sanza pakamwa pokokera mpweya, Physics yake ndi yoona koma ine sindingayerekeze. Pamenepo pali mapaipi a mafuta, mawaya ndi oyilo wodontha.

Tinasintha mapulagi onse anayi, tinatsuka materminal, tinathira oyilo watsopano wa 15W-40. W ameneyo akuimira winter, ndipo nambala ya kutsogolo kwake ikachepa ndiye kuti oyiloyo amayenda mosavuta kukazizira. Zonse pamodzi sizinafike ngakhale theka la malipiro a mwezi umodzi. M'mawa wotsatira, chifunga chili chomwecho, ndinadikira kagetsi kaja kazime, n'kupotoza kiyi. Inalira pakamodzi.

Makaniko woyamba uja sikuti ananama kotheratu. Maringi ndi otha ndithu, ndimaona ndi mmene oyilo amatsikira, ndipo tsiku lina adzafuna kusinthidwa. Pakadali pano ndimayesetsa kuti thanki isagone yopanda kanthu, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti Agogo amagona atayang'ana kumtsetse. Amene angandibweretsere Lolemba yankho la total resistance ya mapulagi anayi a 1 Ω mu parallel, komanso ya awiri amene anatsala aja, adzayeza yekha mapulagi akufawo. Ndinawasunga m'kabati.