Ntchito yotha ndevu zikamera

Mu 1983, anthu ofunafuna mwana woti achite nawo filimu anafika pasukulu ina ya pulayimale ku Chinatown, mumzinda wa Los Angeles. Ke Huy Quan anangoperekezako mng'ono wake. Ataima pambali pa kamera n'kumamuuza mng'ono wakeyo zonena ndi zochita, alendo aja anamuona n'kumupempha kuti nayenso ayeseko. Pasanapite nthawi anali ku Sri Lanka, akujambula Indiana Jones and the Temple of Doom limodzi ndi Harrison Ford. Anali atangokhala zaka zinayi ku America, kumene anafika mu 1979 kuchokera kumsasa wa anthu othawa kwawo ku Hong Kong, banja lake litachoka ku Vietnam.

Ana ambiri amalowa ntchitoyi chonchi, asanaisankhe okha. Ndipotu ndi ntchito yeniyeni, yodzukira m'mamawa, yoloweza mawu pamtima ndi kubwereza kachigawo kamodzimodzi mpaka wotsogolera filimu akhutire. Ku California malamulo amaika malire a maola amene mwana angagwire malinga ndi msinkhu wake, ndipo masiku a sukulu amayenera kuphunzira maola atatu pamalo ojambulira pomwepo, ndi mphunzitsi wolembedwera zimenezo. N'chifukwa chake opanga mafilimu amakonda mapasa. Mu sewero la pa TV la Full House, lomwe linayamba mu 1987, Mary-Kate ndi Ashley Olsen ankasinthana kukhala mwana mmodzi yemweyo: wina akakwanitsa maola ake, ankalowa mnzake.

Nanga ndalama zake amasunga ndani? Funso limeneli linafika kukhoti kalekale. Jackie Coogan, yemwe anatchuka mu The Kid ya Charlie Chaplin mu 1921, anapanga madola pakati pa 3 ndi 4 miliyoni ali mwana. Atakula anapeza kuti mayi ake ndi bambo ake omupeza anali atadya pafupifupi zonse. Anawasumira mu 1938, koma mlandu utatha anangotsala ndi madola pafupifupi 126,000. Chaka chotsatira California inakhazikitsa lamulo lodziwika ndi dzina lake. Lero lamuloli limati magawo 15 pa 100 alionse a malipiro a mwana aziikidwa ku akaunti yapadera imene makolo sangaikhudze mpaka mwiniwake atakwanitsa zaka 18. Kunena zoona, gawo limenelo ndi lochepa kwa munthu amene mwina ndiye akudyetsa banja lonse.

Komabe chimene chimathetsa ntchitoyi kawirikawiri ndi kukula kumene. Mwana amalembedwa chifukwa cha kankhope kake ndi timawu take. Mawu akayamba kukhuthala, ndevu n'kuyamba kumera, foni imaleka kulira. Alipo amene anaoloka bwinobwino: Jodie Foster, yemwe anali mu Taxi Driver mu 1976 ali kamtsikana, anadzalandira mphoto ya Oscar kawiri, ndipo Ron Howard anasiya kuonekera pa kamera n'kukhala wotsogolera mafilimu. Coogan nayenso anadzabwerera mu 1964, ali ndi dazi, ngati Uncle Fester mu The Addams Family. Koma ambiri amangozimiririka.

Quan anatsala pang'ono kukhala m'gulu limenelo. Atachita The Goonies mu 1985 ndi sewero la pa TV la Head of the Class, mwayi unayamba kusowa, ndipo kwa iye vuto linali pawiri, chifukwa Hollywood ya nthawi imeneyo inalibe malo okwanira a amuna ochokera ku Asia. Anapita kukaphunzira zopanga mafilimu ku University of Southern California n'kuyamba kugwira ntchito kuseri kwa kamera. Anathandiza kukonza ndewu za mu X-Men ya 2000 pansi pa katswiri wa ku Hong Kong, Corey Yuen, kenako anakhala wothandizira Wong Kar-wai pa filimu ya 2046. Ntchito zotere sizitchukitsa munthu. Dzina limangodutsa m'timalemba ta kumapeto, anthu atayamba kale kutuluka. Koma m'zaka zimenezo ndi momwe anadziwira bwino mmene nkhonya imaonekera pa kamera ndiponso mmene tsiku lojambula limayendera.

Mu 2018 anaonera Crazy Rich Asians, filimu ya ku Hollywood yodzaza ndi anthu a mtundu wa ku Asia, ndipo mtima wofuna kubwerera unamugwira. Anapeza malo mu Everything Everywhere All at Once ya 2022, momwe anakhala Waymond, mwamuna wofatsa wochapa zovala amene mwadzidzidzi amasanduka katswiri wa ndewu n'kugwetsa alonda ndi kachikwama ka m'chiuno. Woonera chigawo chimenecho amaona luso la zaka zonse zija anakhala kuseri. Mu March 2023 analandira Oscar ali ndi zaka 51, ndipo chaka chomwecho anaonekanso pa TV mu sewero la Loki.

Amene anamukambirira mgwirizano wa filimu imene inamubwezera pa kamerayo ndi Jeff Cohen, mnyamata wonenepa uja wotchedwa Chunk mu The Goonies. Cohen anaonda atakula, ntchito n'kumuthera. Anapita kukaphunzira zamalamulo, ndipo lero ndi loya woimira anthu a zamafilimu ku Beverly Hills.