Zenera la Kuchipinda ndi Dzuwa la Okutobala

Aliyense amene anagonapo m'chipinda choyang'ana kumadzulo mwezi wa Okutobala amawadziwa mavuto ake. Dzuwa linalowa kalekale, koma ukagwira khoma ukupeza likadali lofunda ngati mbaula yongozima kumene. Mwana akungotembenuka mu neti, thukuta lili kamukamu. Ambiri amaloza chala malata, ndipo sakulakwa, koma kutentha kwina kochuluka kunalowera pazenera masana n'kukabisala m'njerwa ndi musimenti ya pansi. Njerwa zootcha zimamwa kutentha pang'onopang'ono, n'kumakulavula usiku, pomwe ife tikufuna tulo.

Mankhwala ake amayambira podziwa njira ya dzuwa. Lilongwe ili pa madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa ikweta. Kumapeto kwa Okutobala, komanso chapakati pa Febuluwale, dzuwa la masana limaima paliwombo penipeni, mthunzi wa munthu n'kungotsala kumapazi. Mu Juni limapendekera kumpoto, ndipo ngakhale masana limangokwera madigiri pafupifupi 53. N'chifukwa chake mabuku olembedwa ku Ulaya ndi ku America ayenera kuwerengedwa mosamala: iwo akamati mazenera aakulu ayang'ane kummwera, kwathu kuno ndi kumpoto.

Zenera la kumpoto n'losavuta kuliteteza. Denga lingotulukira kunja kwa khoma ndi masentimita 60, basi. Mu Okutobala, dzuwa lili pamwamba, khoma lonse limakhala mumthunzi. Mu Juni masana, mthunzi womwewo umangotsika masentimita pafupifupi 80 kuchoka padenga, ndipo kunsi kwake dzuwa limalowa n'kufunditsa chipinda, zomwe munthu wa ku Dedza kapena ku Mzuzu amazilakalaka nyengo yozizira. Denga ndi lomwelo, silisuntha, koma limagwira ntchito ziwiri. Makolo athu ankazidziwa izi pomanga nyumba za khonde lozungulira. N'zomvetsa chisoni kuona nyumba zambiri zatsopano m'tauni zili ndi malata odulidwira pakhoma penipeni, mwini wake akuti akupulumutsa ndalama.

Vuto lenileni lili kumadzulo. Pofika 4 koloko madzulo dzuwa limakhala litatsika kwambiri, ndipo limalasa chammbali, kudutsa pansi pa denga lililonse. Nthawi imeneyi n'kuti mpweya wa panja watentha kale. Apa anthu amathamangira makatani okhuthala, koma katani limakumana ndi dzuwa litadutsa kale galasi. Nsaluyo imatentha, n'kumatenthetsa chipinda ili m'kati momwemo. Dzuwa liyenera kutchingidwa lisanakhudze galasi. Mphasa yopachika kunja, motalikirako pang'ono ndi zenera kuti mphepo izidutsa, imachita zambiri kuposa katani lodula la m'sitolo. Mukhoza kuitsitsa mukadya nkhomaliro, n'kuipinda dzuwa likalowa kuti mutsegule mazenera. Timatabwa tokhoma mopendeketsa kunja kwa zenera timagwiranso ntchito yomweyo.

Mtengo nawo ndi wothandiza, koma usankhidwe bwino. Kumayiko ozizira amakonda mitengo yoyoyola masamba m'nyengo yachisanu. Kwathu mitengo yambiri imayoyola m'chilimwe, ndipo ina imakhala ikadali mbee, yopanda tsamba, pamene kutentha kwafika pachimake. Malambe a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komwe kutentha kumapitirira madigiri 40, sapereka mthunzi wodalirika nyengo imeneyi. Mango ndi mbawa sizivula masamba onse, ndipo msangu umachita zosiyana ndi inzake: umakhala ndi masamba m'chilimwe n'kuyoyola mvula ikayamba. Mtengo wotero ubzalidwe kumadzulo kwa chipinda, patali ndithu ndi maziko kuti mizu isadzang'ambe khoma.

Amene sanayambe kukumba maziko ali ndi mwayi woposa onse. Akhale pansi ndi mmisiri wake, bafa, chimbudzi ndi chipinda chosungira katundu aziike kukhoma la kumadzulo, zipinda zogona ziyang'ane kumpoto kapena kummwera.