Kumwera chakumwa pansi pa nsanja za 1886

Munthu wochokera kuno ku Dwangwa akafika ku Zomba n'kukwera msewu wolowera kuphiri, maso ake amayamba kugwera pa nsanja ziwiri za madenga osongoka, imodzi uku ina uku, zitaima ngati alonda pakhomo. Nsongazo ndizo zinapatsa malowa dzina loti Masongola. Lero ndi hotela. Madzulo anthu amakhala pakhonde, botolo lozizira m'manja, kamphepo kochokera kumtsinje wa Mulunguzi kakuwomba. Koma si onse amene amadziwa kuti akhala m'nyumba imene kale inali likulu la dziko lino.

Inayamba kumangidwa mu 1886. Mwini ntchito anali John Buchanan, Msikotishi amene ankalima khofi ku Zomba, ndipo ankamangira Hawes, kazembe wa Britain. Panthawiyo malonda a akapolo anali asanathe, nkhondo zinali ponseponse. N'chifukwa chake nyumbayi ikuoneka ngati linga: ukagunda khoma ndi chikhatho umamva kuti njerwa zake sizinayalidwe mothamanga, ndipo ukaima patsinde pa nsanja umachita kukweza khosi.

Mu 1891 munalowa Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba. Kwa ife a ku Nkhotakota dzinali si lachilendo, pakuti ndi yemweyu amene anafika kunyanja kuno mu 1889 kudzapangana ndi mfumu Jumbe. Munda wa mitengo ndi maluwa umene uli chapafupi unayambanso m'masiku akewo. Abwanamkubwa atasamukira kunyumba ina, ino inasanduka malo ogona alendo a boma, kenaka hotela. Likulu linapita ku Lilongwe mu 1975, koma nsanjazo zinatsala, ndipo boma linaika nyumbayi m'gulu la zinthu zakale zotetezedwa ndi lamulo. Ngakhale woyendetsa hotela sangaigwetse kapena kuisintha mmene angafunire.

Chimene chimandikhudza n'chakuti nyumbayi idakali yamoyo chifukwa anthu akuigwiritsa ntchito. Nyumba yotsekedwa imadyedwa ndi chiswe, yolowamo anthu imasesedwa, denga likadontha wina amakwerapo.

Nanga kwathu kuno? Dwangwa ndi mwana wadzulo. Fakitale ya shuga inayamba kugaya nzimbe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo malo ngati Kasasa Club anabwera ndi ntchito ya nzimbe yomweyo. Komabe zaka zoposa 40 si zochepa. Amene anadula nzimbe zoyamba akukalamba, ena anatisiya kale, ndipo nyumba zakale za pamsika zikugwetsedwa kuti pamangidwe mashopu popanda wojambula n'chithunzi chomwe.

Akhonsolo ya Nkhotakota ndi nthambi yoona zinthu zakale abwere adzalembe nyumba zoyamba za Dwangwa, mabala ndi makalabu omwe, agogo amene anaziumbira njerwa akadali moyo kuti atiuze anazimanga ndani.