Kodi dzenjeli ndi la yani?

Dzinja lathali ndinataya mathireyi asanu a mazira. Wakabaza amene anandinyamulira katundu analowa m'dzenje lobisika ndi madzi pafupi ndi msika, mazira onse phwaa! Anthu anaseka, koma ine mpamba unathera pomwepo.

Nditakadandaula kukhonsolo, bambo wina anati, "Pepani mayi, msewu umenewo ngwaboma." Wakuboma nayenso ati ngwakhonsolo. Nanga dzenjeli mwini wake ndani?

Papepala nkhaniyi njosavuta. Misewu ikuluikulu monga M1 ili m'manja mwa Roads Authority, ndipo ndalama zokonzera imasunga ndi Roads Fund Administration. Mabungwe awiriwa anabadwa ndi malamulo a 2006, kulowa m'malo mwa National Roads Authority. Timisewu ta m'malokeshoni ndi m'midzi ndi ta makhonsolo, amene anapatsidwa mphamvu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998.

Koma mphamvu popanda ndalama n'chiyani? Msonkho wa misewu umene uli pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo sulowa m'thumba la khonsolo mwachindunji. Ndalama za pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke, zomwe zinatsegulidwa mu 2021 ndi 2022, nazonso n'chimodzimodzi. Khonsolo imadikira kugawiridwa, kwinaku ikutolera ya chiphaso mumsika ndi msonkho wa nyumba.

Choncho ife timalipira kawiri. Wophunzira akakwera minibasi walipira kale msonkho wa mafuta, ngakhale alibe galimoto. Wogulitsa tomato amalipira wa mafutawo, n'kudulanso chiphaso m'mawa uliwonse.

Ine ndikuti boma lisamale misewu ikuluikulu, koma gawo la makhonsolo lizidziwika ndipo lizifika mvula isanagwe. Nayo khonsolo izimata pakhomo la msika ndalama zimene yalandira ndi misewu imene yakonza. Pamsewu uliwonse pakhale chikwangwani chonena mwini wake, kuti tileke kuponyedwa uku ndi uku ngati mpira.

Komatu nafenso tisadziyeretse. Mdani wamkulu wa tala ndi madzi. Ngalande ikatsekeka, madzi amalowa pansi pa tala, galimoto zikamapondapo dzenje layamba. Amatseka ngalandezo ndani ndi majumbo ndi makoko a nthochi? Si ife tomwe?

Mavenda anzanga, khansala akabwera musangomuombera m'manja. Mufunseni kuti msewuwu ngwayani, ndipo ndalama zake zili kuti. Mazira anga anapita, mawa ndi anu.