MZERE WOFIIRA WA PA KOMPYUTA UFUNIKA KUUDZIWA BWINO

Boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku boma la Chongwe, liri pa mseu waukulu wocoka ku Lusaka kupita ku Chipata. Monga m'madera ena a dziko lino, nchito yolemba makalata yasintha kwambiri kumeneko. Kalata yofunsira nchito, mndandanda wa maina a alimi a m'kopaletivu, ngakhale pempho la mudzi lopita ku khonsolo, zimene kale zinali kulembedwa ndi dzanja kapena pa makina otaipira, masiku ano zambiri zimalembedwa pa kompyuta. Ana a sukulu nawonso anayamba kuwadziwa makinawa pamene phunziro la kompyuta linalowa m'makalasi a Giredi 8 ndi 9 m'caka ca 2014.

Aliyense amene anaimapo pambali pa wolemba kalata pa makinawa anaona kamzere kofiira kokhotakhota kamene kamatuluka pansi pa mau ena. Anthu ambiri amaganiza kuti kamzereka kakaoneka ndiye kuti munthu walakwa ndithu, ndipo amafulumira kusintha liulo. Koma nthawi zina liu limene lasinthidwa ndilo linali lolondola, ndipo kalata imacoka m'manja mwao itaonongeka.

Cifukwa cake n'cakuti Cingelezi ciri ndi kalembedwe kawiri kakuluakulu. Ku Britain, buku lotanthauzira mau la Samuel Johnson, limene linatuluka mu 1755, linathandiza kukhazikitsa kalembedwe kamene masukulu a m'Zambia amaphunzitsa. Ku America, Noah Webster anafuna kuti dziko lake, limene linalengeza ufulu wake mu 1776, likhale ndi mabuku akeake ndi kalembedwe kosavuta. M'buku lake lalikulu la mu 1828 anatsata kalembedwe kofupika, ndipo anthu a kwao anakazolowera. Conco mlimi wa ku Mpanshya amene anaphunzira kulemba "plough" ponena za khasu la ng'ombe, mnzake wa ku America amalemba "plow". Kuno amalemba "labour", "litre", "tyre" ndi "cheque", pamene kumeneko amalemba "labor", "liter", "tire" ndi "check". Onse awiri akhoza, aliyense monga mwa sukulu ya kwao.

Pulogalamu yolembera makalata yochedwa Microsoft Word inapangidwa ku America, ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1983. Kamzere kofiira kanalowamo mu 1995. Makinawa samvetsa tanthauzo la mau monga acitira mphunzitsi. Amangoyerekeza liu lirilonse ndi mndandanda wa mau umene anthu opanga pulogalamu anaikamo, ndipo liu limene palibe pa mndandandawo amalidula mzere. Popeza makompyuta ambiri amafika kuno ataikidwa Cingelezi ca ku America, mwana amene walemba "colour" monga anamphunzitsira amaona mzere wofiira, nayamba kukayikira aphunzitsi ake popanda cifukwa.

Akatswiri olemba mapulogalamu a kompyuta nawonso amakumana ndi vuto lomweli, ndipo kwa iwo cilembo cimodzi cikhoza kuimitsa nchito. Njira yoonetsera masamba pa intaneti inatulukiridwa mu 1989 ndi Mngelezi, Tim Berners-Lee, pamene anali kugwira nchito ku CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva. Ngakhale ziri conco, munthu wopanga tsamba la pa intaneti ayenera kulemba "color" pouza makina mtundu wa zilembo. Akalemba "colour", makina amangonyalanyaza lamulolo osanena kanthu, ndipo mwiniwake angathe kutaya nthawi yaitali kufunafuna cimene cavuta. Wolemba mapulogalamu wa ku Lusaka kapena ku London amalemba ca ku America polamula makina, nabwerera ku ca ku Britain polembera anthu.

Pali ngakhale liu lina limene linalakwika ndipo linakhala lolakwikabe. Mu 1996, m'cikalata cofotokoza mmene makompyuta ayenera kulankhulirana pa intaneti, liu lakuti "referrer" linalembedwa "referer", cilembo cimodzi citasowa. Pamene anthu anazindikira, mapulogalamu ambiri anali atayamba kale kuligwiritsa nchito, ndipo kulikonza kukadasokoneza zambiri. Linasiyidwa monga liriri.

Makina akaloledwa kukonza mau okha, zotsatira zake nthawi zina zimaseketsa. Mapulogalamu ena akale sanali kulidziwa liu lakuti "cooperation", limene litanthauza kugwirizana, likalembedwa popanda kamzere pakati. M'malo mwake anali kupereka "Cupertino", dzina la mzinda wa ku California. Olemba ena osasamala anavomera, ndipo zikalata za mabungwe akuluakulu a maiko zinatuluka zikunena za mzindawo pamene zinafuna kunena za mgwirizano.

Kwa anthu a ku Rufunsa, ngozi yaikulu iri pa maina. Makina sadziwa Mpanshya, Bunda Bunda kapena Shikabeta, maina a mafumu a m'bomali, ndiponso sadziwa Chinyunyu. Akakumana ndi dzina monga Tembo angathe kupereka liu la Cingelezi lofanana nalo, monga "tempo", ndipo wolemba wothamanga akhoza kulivomera osaona. Dzina la pa mndandanda likasiyana ndi la pa citupa ca boma, mwini wake angavutike polandira fetereza, potenga ndalama za cimanga cimene anagulitsa, kapena potsegula buku ku banki. Mwana amene dzina lake lalakwika pa pepala lolembetsera mayeso angadzayende maulendo ambiri kuti satifiketi yake ikonzedwe.

Masiku a mwezi nawonso afunika diso. Kuno amayamba kulemba tsiku, kenaka mwezi; ku America amayamba mwezi. Motero 04/05 itanthauza pa 4 May kwa munthu wa ku Rufunsa, koma pa 5 April kwa makina oikidwa ca ku America. Pa tsiku lobadwa, tsiku la msonkhano kapena tsiku lobweza ngongole, n'kwanzeru kulemba dzina la mwezi m'mau.

Kusiyana kwa kalembedwe si kwacilendo kwa olankhula Cinyanja. Mu 1968 dziko la Malawi linasankha cinenero cimeneci kukhala ca mtundu wonse, nicichedwa Chichewa, ndipo kumeneko amalemba "chaka" ndi "ntchito". Mu 1977 Unduna wa Maphunziro wa m'Zambia unafalitsa malamulo a kalembedwe ka zinenero zisanu ndi ziwiri za dziko lino, ndipo ana a kuno amalemba "caka" ndi "nchito". Liu lakuti "kuchedwa" kuno litanthauza kupatsidwa dzina, koma wowerenga wa ku Lilongwe amamva kuti munthu sanafike pa nthawi yake. Palibe amene walakwa pakati pao. Cofunika n'cakuti wolemba adziwe amene akumulembera, ndipo asasakanize njira ziwirizi m'kalata imodzi. Lamulo lomweli ligwiranso nchito pa Cingelezi.

Mankhwala a vutoli safuna ndalama. Aphunzitsi ndi akalaliki a m'maofesi angathe kulowa pamalo posankhira cinenero m'pulogalamuyo ndi kusankha Cingelezi ca United Kingdom, ndipo "colour" ndi "labour" sizidzadulidwanso mzere. Maina a mafumu, a midzi ndi a mabanja akhoza kuonjezeredwa pa mndandanda wa makinawo kuti asiye kuwakana. Polemba m'Cinyanja kapena m'Cisoli, ndi bwino kutseka mbali yokonza mau, popeza pafupifupi liu lirilonse lidzaoneka lolakwika kwa makina oyembekezera Cingelezi.

Makolo ndi alimi amene amalembetsa makalata kwa ena apemphedwa kuti asacoke pamalopo asanawerenge pepala lonse. Amene sadziwa kuwerenga atenge mwana kapena mnansi wodziwa, ndipo citupa cikhale m'manja kuti dzina liyerekezedwe cilembo ndi cilembo, pamodzi ndi nambala ndi tsiku lobadwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kufunsa wolembayo kuti akonze cilembo cimodzi pepala lisanasindikizidwe kumatenga kanthawi kocepa, pamene kukakonzetsa dzina litalowa kale m'mabuku a boma kungafune ulendo wa basi kupita ku Lusaka ndi kubwerako.